Ku Assisi tigone kumtunda kapena kumunsi? Ndili ndi amayi a bondo lovuta, galimoto tilibe

Wofunsa:

Moni nonse a pagulu pano. Ndithandizeni nzeru, makamaka inu amene munapitako ku Assisi panokha, osati pa ulendo wa parishi wokhala ndi basi yakeyake.

Ine ndine namwino ku Manchester. Amayi anga ndi a ku Dedza, ali ndi zaka 71, ndipo chiyambire ndili mwana akhala akunena kuti asanatsikire kuli chete akufuna akagwade pamanda a Francis Woyera. Chaka chino ndalama zakwana. Adzanyamuka ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa, ine ndikawachingamira ku Roma, kenako tidzakwera sitima. Ku Assisi tidzagonako masiku atatu, mwezi wa Meyi. Galimoto sindibwereka ayi, kuyendetsa kudzanja lamanja sindinazolowere.

Chandisokoneza ndi ichi. Poyang'ana mapu ndaona kuti siteshoni ya sitima ili kuchigwa, ku Santa Maria degli Angeli, pomwe tauni yeniyeniyo ili paphiri. Ndapeza malo awiri. Oyamba ndi kahotela kapafupi ndi siteshoni, kali ndi chikepe, mtengo wake ndi wofewa. Achiwiri ndi nyumba ya masisitere kumtundako, ndipo alemba kuti ndi mphindi 8 kuchoka pa Piazza del Comune, bwalo lalikulu la tauniyo. Amayi kuyenda amayenda, kumunda amapitabe, koma masitepe ndi kutsetsereka ndiye bondo lakumanzere limakana. Komanso ndikuwadziwa amayi anga: sutikesiyo idzadzaza makolona a anthu onse a mumphakati mwawo kuti akadalitsidwe. Tigone kuti?

Bambo wina wokhala ku Perugia:

Achemwali, mwachita bwino kufunsa musanalipire. Ambiri amazindikira atatsika sitima kuti Assisi ali uko kumtunda, akumuona ndi maso koma miyendo singafikeko ndi katundu. Basi ilipo, ya Linea C, imaima panja pa siteshoni pomwepo ndipo masana imabwera pafupifupi theka la ola lililonse. Lamulungu ndi usiku zimachepa. Tikiti gulani pa bala ya pasiteshoni kapena pa sitolo yolembedwa Tabacchi, chifukwa kugula kwa dalaivala kumadulirapo.

Tsono mvetsani mmene tauniyo inakhalira. Ndi yaitali ngati mzere wa mbatata, yogona chopendekera m'mbali mwa phiri la Subasio. Tchalitchi chachikulu cha San Francesco chili kumapeto akumunsi. Piazza Matteotti, pamene basi imathera, ndi kumapeto akumtunda. Pakati ndi pomwe pali Piazza del Comune. Basi imaima kunsi kwa San Francesco, kenako pafupi ndi chipata cha Porta Nuova, pomaliza pa Matteotti. Ndiye pofuna malo ogona musafunse kuti ali pafupi ndi chiyani. Funsani kuti ali pafupi ndi siteji iti, ndipo kuchoka pasitejipo mukwera kapena mutsika.

Mukandifunsa ine, pezani chipinda pakati pa Porta Nuova ndi tchalitchi cha Santa Chiara. Kuchoka pamenepo kudzera mu Corso Mazzini mpaka pa Piazza del Comune msewu wake ndi wabwino, agogo amayendamo ndi ndodo bwinobwino.

Mayi wina wa ku Luton:

Ine nditsutsane nawo pang'ono achimwenewa. Gonani kumunsi, mwanawe. Anthu amakuyesa kumunsiko ngati depoti chabe, koma kumeneko ndiye kuli Porziuncola, katchalitchi kakang'ono kamene Francis anakakonza ndi manja ake, ndipo tsopano kali m'kati mwa tchalitchi chachikulu cha Santa Maria degli Angeli. Iye anamwalirira pompo, pambali pake, pa 3 Okutobala 1226. Ine nditalowamo ndinalira ngati mwana, kuposa mmene ndinachitira kumtunda komwe anthu ndi ambirimbiri.

Kumunsiko nkosalala ngati ku Nchalo. Kuchoka pasiteshoni kufika patchalitchi ndi mphindi khumi wapansi. Masitolo a zakudya alipo a mtengo wa anthu wamba, osati wa alendo. Loweruka madzulo amachita kolona ndi mdipiti wa makandulo pabwalo la tchalitchi, amayi anu akachiona chimenechi sadzachiiwala. M'mawa mukwera basi, madzulo mutsika, basi nkhani yatha.

Bambo wa ku Perugia uja:

Zoona amayi, koma ganizirani za masana. Munthu wa zaka 71 ikamakwana 1 koloko amafuna kugonako pang'ono. Mukagona kumunsi ndiye kuti tsiku lonse muli pamsewu, kapena mukwera basi kanayi. Ndiponso kukoma kwa Assisi kumayamba mabasi a alendo akachoka, cha m'ma 6 madzulo, pamene misewu yatsala ndi mabelu ndi nkhunda.

Mnyamata wina wa ku Dublin:

Ine sindisankhira mbali, ndingokuuzani zimene zinandionekera. Ndinapita ndi azakhali anga. Pa intaneti panalembedwa kuti mamita 300 kuchoka pa tchalitchi cha San Rufino. Ine nkumati mamita 300 ndi chiyani, ndi kuchoka pakhomo kupita pachigayo. Titafika tinapeza kanjira ka masitepe a miyala okhaokha, kokwera molunjika ku Rocca Maggiore, linga lija la pamwamba penipeni. Dalaivala wa tekisi anatitsitsa kunsi nkutiloza ndi chala. Ndinanyamula masutikesi awiri mmodzimmodzi, azakhali atakhala pasitepe akupemphera mokweza, anthu odutsa nkumatiyang'ana. Kufika pakhomo, chipinda chathu chinali pamwamba, masitepe enanso, chikepe kulibe. Mawa lake azakhali anakana kutuluka mpaka masana.

Ndiye "mphindi 8" zanuzo musazikhulupirire, anaziyeza ndi miyendo ya mnyamata. Alembereni masisiterewo. Afunseni kuti tekisi imafika pakhomo penipeni kapena ayi, masitepe ndi angati kuchoka pamsewu kufika pabedi, ndiponso ngati ali ndi chikepe, pa Chitaliyana amati ascensore. Apempheni chithunzi chojambulidwa ataima pachitseko kuyang'ana kumsewu. Chithunzi cha pazenera choonetsa chigwa chokongola chimangokuuzani kuti mwakwera kwambiri.

Wofunsa:

Kkkk pepani achimwene, ndaseka koma ndamva. Ndangoyang'ananso adiresi ya masisitere aja, ili kumtunda kwa Piazza del Comune, osati kumunsi. Mwandipulumutsa. Nanga malo oti amayi asalephere kufikako ndi ati? Ndikufuna ndisankhe chipinda ndikudziwa komwe tizidzapita.

Sisitere wina amene anaphunzira ku Roma:

Mwana wanga, Mulungu akudalitse pa zimene ukuwachitira amayi ako. Ndikuuze za malo opatulikawo monga mmene bondo lidzawaonere.

San Francesco ndi matchalitchi awiri osanjikizana, lakumwamba ndi lakunsi, ndipo manda ali pansi pa lakunsilo. Kuti mufike pamanda mutsika masitepe, koma si ambiri ndipo pali pogwira. Lowerani khomo la tchalitchi lakunsi, pitani m'mawa kwambiri gulu lisanachuluke, amayi akhale pabenchi mtima uli m'malo. Kuchoka pa Piazza del Comune kupita kumeneko nkotsetsereka njira yonse, ndiye poti wati kutsika ndiko kumawavuta, tsiku limenelo kwerani basi kapena tekisi.

Ku Santa Chiara kuli thupi la Clara Woyera komanso mtanda weniweni wa San Damiano, uja Francis anapemphera patsogolo pake namva kuti akonze nyumba ya Ambuye. Pabwalo pake ndi posalala. Pansi pang'ono pali Santa Maria Maggiore, mmene muli thupi la Carlo Acutis, mnyamata amene anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15 ndipo Papa Leo XIV anamulengeza kukhala woyera pa 7 Seputembala 2025. Pamenepo pamakhala mzere masiku ano, tengani madzi. Ku katchalitchi ka San Damiano kwenikweniko ndi ku Eremo delle Carceri, kumene Francis ankakapemphera payekha, musayesere wapansi. Kwina nkotsetsereka kwambiri, kwinako ndi makilomita anayi kukwera phiri. Panganani ndi watekisi kuti adzakutengeninso.

Za nyumba zathu, dziwa kuti zambiri zimatseka chitseko usiku pa nthawi yake, ndipo sizilandira alendo ola lililonse ngati hotela. Uwauze nthawi ya sitima yanu.

Mayi wa ku Luton uja:

Mwamva a Sisitere? Tekisi, basi, tekisi. Ngati mukwerabe zimenezi, kugona kumtunda kwapindula chiyani? Ine ndanena zanga.

Bambo wa ku Perugia uja:

Ndiye gawani. Tsiku lofika mwatopa ndi ndege, gonani kumunsi, Porziuncola muione madzulo omwewo. Masiku awiri enawo kumtunda, pafupi ndi Santa Chiara. Chinanso, sitima zina zochoka ku Roma Termini zimafika ku Assisi osasintha, pafupifupi maola awiri, zina mumasintha ku Foligno. Sankhani yosasintha, kuti musamakoke makolona aja pamasitepe a siteshoni. Tikiti ikakhala yapepala, idindeni pa kamakina ka papulatifomu musanakwere, apo ayi akulipiritsani chindapusa.

Wofunsa:

Zikomo nonse. Ndawaimbira amayi pa WhatsApp ndawawerengera zonse. Za kugawa akana, akuti kumasula katundu kawiri ndi ntchito. Atamva kuti Francis anafera kumunsi angoti, "Ndiye kumtundako tikagonerenji?" Koma atamvanso za mabelu a madzulo ayamba kukayika. Ndalembera malo ena awiri pafupi ndi Porta Nuova kufunsa za masitepe ndi chithunzi cha pachitseko. Alipo akudziwa ngati basi yomaliza yotsika kuchoka pa Matteotti imadutsa 9 koloko usiku mwezi wa Meyi?