Form 4 yanga ikuti ubongo ndi umene unayamba, thandizeni

aPhiri: Aphunzitsi anzanga thandizeni. Ndili pa evolution ndi Form 4, ndawapatsa katesti dzana, pafupifupi kalasi yonse yalemba zoti munthu anayamba wakula ubongo, atachenjera ndiye anaganiza zoimirira kuti azigwira zida. Pano ndi pa CDSS, labu tilibe, chomwe chilipo ndi tchati chija cha nyani akuwongoka pang'onopang'ono mpaka kusanduka munthu. Ndiwatembenuza bwanji?

Madam Nabanda: Tchaticho chichotseni kaye pakhoma aPhiri, ndi chomwe chikuwasokoneza, chimaonetsa ngati tinachokera kwa chimpanzi pomwe ife ndi chimpanzi tinasiyana pa kholo limodzi zaka 6 kapena 7 miliyoni zapitazo. Ine ndimangolemba manambala pabolodi. Lucy, dzina lomwe anapatsa mafupa a mmodzi wa makolo akalekale a munthu, anapezeka ku Hadar ku Ethiopia mu 1974, ndi wa zaka 3.2 miliyoni, chiuno ndi bondo zake ndi za woyenda ndi miyendo iwiri koma ubongo wa mtundu wake unali cha m'ma 450 cc (cubic centimetres) basi, pang'ono kuposa wa chimpanzi. Wathu uli cha m'ma 1,350. Ndiye muwafunse okha kuti chinayamba nchiti.

aGama: Manambala okha ana athuwa amaloweza lero mawa aiwala madam. Atulutseni panja, thirani madzi pamchenga kuseri kwa kalasi, mwana mmodzi avule nsapato ayende. Aone okha kuti chidendene chimaponda mozama, chala chachikulu chili mumzere ndi zinzake, pakati pa phazi sipaponda kwenikweni. Kenako muwauze za Laetoli ku Tanzania komwe gulu la Mary Leakey linapeza mapazi otere mu 1978, odindika pa phulusa la phiri lophulika zaka 3.6 miliyoni zapitazo. Zida zamwala zakale kwambiri zomwe zapezeka, za ku Lomekwi ku Kenya, ndi za 3.3 miliyoni, mapazi aja anali atadutsa kale. Mukatero wina ayende mawondo ndi chiuno zili zopinda ngati chimpanzi kuzungulira bwalo la mpira, akabwera ali wefuwefu phunziro latha kkkk

aMbewe: Onjezani chigaza cha mbuzi, kwa okanyanga pamsika amataya. Bowo lolowa msana, foramen magnum ija, pa mbuzi lili kumbuyo, pa munthu lili pansi chifukwa mutu umakhala pamwamba pa msana. Ndi limene katswiri Raymond Dart anaona pa chigaza chakalekale cha mwana cha ku Taung ku South Africa, chopezeka mu 1924, koma akuluakulu ku Britain anamukana poti anali atakhulupirira chigaza cha ku Piltdown ku England cha ubongo waukulu, chimene mu 1953 chinadziwika kuti chinali chabodza. Ndiye ana anu asadandaule, maganizo awowo anali a mapulofesa.

aPhiri: Izi ndagwira. Nanga akafunsa kuti anaimiriranji? Notsi zomwe ndinazipeza pano zikuti nkhalango itatha ankafuna kuona patali pamwamba pa udzu.

Madam Nabanda: Imeneyo musaipereke ngati yankho lokhalo. Ardi, wakale kuposa Lucy, wa zaka 4.4 miliyoni, ankakhala malo a mitengo ndithu, chala chake chachikulu cha kuphazi chinali chogwira nthambi koma pansi ankayenda ndi iwiri. Apatseni zingapo, kunyamula chakudya ndi ana m'manja, dzuwa kuwomba mbali yochepa ya thupi, komanso kusunga mphamvu, kafukufuku wa 2007 anapeza kuti munthu poyenda amawononga pafupifupi kota ya mphamvu zomwe chimpanzi amawononga. Ine ndimakonda yomalizayi koma pochonga ndimalandira zonse bola afotokoze.

aMwafulirwa: Musaiwale kwathu kuno akuluakulu. Nsagwada ya UR 501 inapezeka ku Uraha ku Karonga mu 1991 ndi gulu la akatswiri Schrenk ndi Bromage, ndi ya mtundu wakale wa anthu wotchedwa Homo rudolfensis, zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Nsagwada siuza za kayendedwe, nzoona, koma iikeni pamzere wa zaka, ana aone kuti mtundu wa Homo ukamabwera kuyenda chilili kunali kwakale ndi zaka zoposa miliyoni. Amene muli pafupi bwerani ndi ana ku myuziyamu ya ku Karonga.

aPhiri: Dedza mpaka Karonga ndi ndalama ya PTA? kkkk ayi tiyamba ndi mchenga Lachiwiri. aMbewe chigazacho ndingopita nacho choncho?

aMbewe: Ayi bwana, chiwiritseni kaye, mupale nyama yonse ndi ubongo womwe, chiume padzuwa masiku angapo. Mukapita nacho chachiwisi ahedi akuthamangitsani m'staff room.