Filiji ya katemera yafooka pa Chisi, sikelo ili Lachinayi

Nangozo (Chisi): Anzanga alangizi a zaumoyo, ndigawireni nzeru. Kuno ku Chisi, chilumba cha pa nyanja ya Chilwa, chiperoni chatigwira kuyambira kumapeto kwa sabata, dzuwa silikutuluka, ndipo filiji yathu ya sola, ya mabatire ija, yayamba kufooka. Dzulo m'mawa fridge tag, kachipangizo koyeza kutentha kwa m'filiji, imaonetsa madigiri 9, lero 10, alamu yatuluka kale. M'katimo muli akatemera awa: Penta, PCV, Rota, OPV, BCG, MR ndi Td ya amayi oyembekezera. Lachinayi ndili ndi sikelo kuseri kwa chilumba, ndipo amayi a m'zimbowera, tinyumba ta asodzi toyandama panyanja, ndinawauza kale kuti abwere ndi ana. Ndikuganiza ziwiri. Kaya ndiitanitse ayezi wa m'tauni kudzera padooko la Kachulu, ndikhuthulire katemera yense mu cold box, bokosi losunga kuzizira. Kaya ndingowolotsa zonse akatisungire anzathu a kumtunda. Koma mwera nawo wakwiya, maboti akuwoloka apo ndi apo.

Bambo Mbewe (Jali): Achemwali, musanakhudze chilichonse yambani mwayang'ana ma VVM, tizizindikiro ta pa botolo timene timada ndi kutentha. Tsegulani kamodzi, muone botolo lililonse msangamsanga, mutseke. Kabokosi ka m'kati kakakhala kowala kuposa bwalo lake, katemera akadali moyo. Kakafanana ndi bwalo kapena kuda kuposa pamenepo, mpatuleni, asabwererenso. Muyambe ndi OPV chifukwa ndi amene amafa msanga ndi kutentha. Alamu ya kutentha imatuluka filiji ikakhala kupitirira 8 kwa maola 10 osatsika, ndiye kutenthako kwakhalitsa ndithu, koma 10 sikuti katemera yense watha ayi.

Nangozo (Chisi): Ndaona. Onse ali bwino, kupatula mabotolo awiri a OPV amene kabokosi kayamba kuderako, koma sikanafanane ndi bwalo.

Bambo Mbewe (Jali): Awiriwo muwaike patsogolo, ayambe kupita Lachinayi.

Mai Chirwa (Domasi): Za ayezi wa m'tauni zija musiyiretu, mwana wanga. Chimene ndimaopa ine pa nkhani ngati iyi si kutentha, ndi kuzizira. Munthu akaona 10 mtima umathamanga, n'kuunjika ayezi wouma gwaa pambali pa Penta, mawa lake katemera wafa osaonetsa chizindikiro chilichonse. VVM simakuuzani za kuundana, imangoona kutentha basi. Penta, PCV ndi Td zikangoundana kamodzi ndiye kuti mphamvu yapita, mwana mumubaya, mayi wake abwerera kwawo ndi khadi lolembedwa bwinobwino, koma mwanayo alibe chitetezo. Komanso ayezi wa m'thumba amasungunuka, mapepala a pa mabotolo amamatuka, simudziwanso kuti uyu ndi uti ndipo atha liti.

Yusufu (Kachulu): Ndipo ayeziyo mpaka afike padooko pano n'kuwoloka, theka akhala atasungunuka. Kuwolotsa katemera yense nakonso ine sindikuvomereza sabata ino. Nyanja ya Chilwa ndi yosaya, koma mwera ukauka mafunde ake amakhala afupiafupi, amamenya boti mosalekeza, madzi amalowa. Dzulo masana eni maboti ambiri anakana kunyamuka. Tiyambe tafufuza chadwalitsa filiji. Chiperoni chimabwera chaka chilichonse mu June ndi July, filiji imeneyo inapyola zaka zina bwinobwino. Pali china chawonjezera.

Achimwene Makwinja (Mayaka): Ndinagwirako ntchito pa chilumba chimenecho ndisanabwere kuno, ndiye ndiloleni ndinene zimene ndinaziona. Choyamba pezani makwerero muone mapanelo ndi maso anu, osatuma mwana. Mbalame za m'nyanjamo ndi zambiri, ndipo zitosi zake zikauma pa galasi zimadya mphamvu kwambiri, ngakhale zitaphimba kagawo kochepa. Musatsuke ndi madzi a m'nyanja kapena a pa mjigo. Nyanja imeneyi ilibe potulukira, Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe imangothira, madzi amachoka ndi dzuwa basi, mchere n'kumatsala. Mukatsukira amenewo, akauma amasiya choyera pa galasi, mwangowonjezera vuto. Pezani madzi a mvula ngati alipo amene anatchera, ndi kansalu kofewa, m'mawa galasi lisanatenthe.

Chachiwiri ndi mthunzi. Miyezi ino dzuwa limadutsa chakumpoto ndipo silikwera kwambiri, ndiye mtengo umene mu December sunali kuvuta, pano mthunzi wake umatha kugwera pa denga mpaka cha m'ma 10. Pa Chisi pali milambe, imeneyo sitingaigwetse, koma ngati ndi nthambi ya mtengo wamba, kambiranani ndi amfumu isadzidwe.

Chachitatu, ndipo ichi ndi chimene ndikuchikayikira kwambiri, tsatirani mawaya onse ochoka pa batire, mmodzimmodzi ndi dzanja. Pa chilumba magetsi ndi chinthu chosowa. Aliyense ali ndi foni, asodzi amafuna kumva mitengo ya matemba kumtunda, aphunzitsi amafuna kutchaja, ena ali ndi tochi za usodzi. Batire ya filiji imakhala yokhayo yaikulu m'dera lonse, ndipo anthu amapempha mwaulemu mpaka mlonda amalephera kukana.

Nangozo (Chisi): Achimwene, mwalasa. Kuseri kwa bokosi la mabatire ndapeza waya wopyapyala wolumikizidwa molunjika pa mitu ya batire, wadutsa pansi pa chitseko kupita kukachipinda ka mlonda. Kumeneko kuli kainiveta ndi mafoni asanu ndi awiri, kuphatikizapo wailesi. Pa mitu ya batire pali ufa wobiriwira. Mapanelo nawo awiri mwa anayi ali mbuu ndi zitosi.

Achimwene Makwinja (Mayaka): Chotsani wayayo lero lomwe. Mitu ya batire muitsuke ndi madzi ofunda osakaniza soda wophikira, muumitse, mumange zolimba, mupake Vaseline pang'ono. Mlondayo musamukalipire pagulu. Iye amakhala ndi anthu amenewo, amakwera nawo boti limodzi. Nkhaniyi ipite ku komiti ya zaumoyo ndi kwa amfumu, anthu amve kuti foni imodzi yotchajidwa usiku ikudya katemera wa ana awo omwe. Akamva choncho amasiya okha. Ndipo pakhale njira ina, chifukwa mukangotseka osawapatsa kolowera, mwezi wamawa wayayo abwerera. Kapanelo kakang'ono kapadera kotchajira mafoni komiti ingathe kusonkherana.

Mai Chirwa (Domasi): Pamene mukudikira kuti mabatire adzuke, filiji musamaitsegule chisawawa. Kawiri pa tsiku powerenga basi, ndipo ngati tag ikuoneka osatsegula, ndi bwino koposa. Ma pack a madzi, tizigubu tosunga kuzizira, amene ali kale m'katimo asiyeni momwemo, ndi amene akugwira kuzizira usiku. Koma musaikemo atsopano ofunda lero, muilemetsa filiji yodwala kale.

Che Saidi (Chingale): Ine ndili ndi funso lina. Anthu a m'zimbowera amavuta kuwapeza, lero ali apa, mawa asunthira kumene kuli nsomba. Mu 2016 pa katemera wa kolera ku Chilwa komweko, asodzi a m'zimbowera ankapatsidwa botolo lachiwiri kuti akamwe okha tsiku lake likakwana. Bwanji osapanga zofanana, kusiyira munthu wodalirika wa kumeneko Rota ndi OPV, poti nzakumwa?

Bambo Mbewe (Jali): Ayi Che Saidi, zimenezo zisasakanizidwe. Katemera wa kolera uja amapirira kutentha kwa masiku angapo, ndipo ankamwa anthu akuluakulu atalangizidwa, pa ndondomeko imene unduna unavomereza pa nthawi ya mliri. OPV ndi wosalimba kuposa onse amene tili nawo. M'chimbowera mulibe pozizira, ndi kanyumba ka njedza koyandama, pansi madzi, pambali moto wowambira milamba. Ndiponso mwana wa masabata 6 amafunika Penta ndi PCV tsiku lomwelo, zimene ndi zobaya. Kumupatsa wakumwa yekha popanda wobaya ndiye kumutaya.

Che Saidi (Chingale): Ndamva akulu. Ndiye kuli bwino kuwatsatira ndi boti tsiku la sikelo.

Yusufu (Kachulu): Kuwatsatira kumatheka mukagwirizana ndi wapampando wa komiti ya padooko, chifukwa iye amadziwa gulu lililonse kumene lamanga. Koma nthawi yake ndi m'bandakucha. Mphepo imayamba kukoka dzuwa likakwera, ndiye pofika masana mukhale mutabwerera. Vaccine carrier, kabokosi konyamulira katemera, ikhale pakati pa boti, pa thabwa, osati pansi pamene pamakhala madzi, kutali ndi injini ndi zigubu za petulo, yomangidwa ndi chingwe, yofunditsidwa chitenje chowala. Boti lodzaza matumba a makumba ndi njinga musakwere, ngakhale likhale lotchipa. Life jacket muvale musanakwere, osaikhalira.

Nyanja iyi simapanga ndondomeko ndi munthu. Mu 2018 itaphwa maboti ankakanirira m'matope, anthu kumakankha, ulendo waufupi kumatenga theka la tsiku. Freddy atadutsa mu 2023 madzi anabwerera ochuluka. Ndiye maola amene carrier ikhale panja muziwerengera ndi madzi a chaka chimenecho.

Mai Chirwa (Domasi): Ndiwonjezere za kalongedzedwe ka Lachinayi. Ngati mupeze ma ice pack ouma, muwayale patebulo kaye mpaka mukawagwedeza muzimva madzi akuyenda m'kati, ndiye muwapukute n'kuika. Penta, PCV ndi Td zikhale pakati, m'kapepala ka pulasitiki, zisagunde pack. Madzi osungunulira BCG ndi MR alowe mufiliji Lachitatu kuti azizire limodzi ndi katemera wake. Mukasungunula, lembani nthawi pa botolo, pakatha maola 6 kapena sikelo ikatha, chimene chayamba, mutaye. Mabotolo otsegula akhale pa siponji ya pamwamba ija, chivindikiro chisamangotsegulidwa mwana aliyense akafika. Ndipo tsiku lina mukadzaona alamu ya pansi, ija imatuluka kukazizira kupyola -0.5 kwa ola lathunthu, musabaye musanapange shake test, yogwedeza botolo n'kuliyerekeza ndi lina loundanitsidwa dala. Botolo loundanapo mankhwala ake amadikha pansi msanga, pamwamba n'kutsala madzi oyera.

Nangozo (Chisi): Mwadzuka bwanji nonse. Dzulo tinachotsa waya, tinatsuka mapanelo ndi madzi a mvula amene amayi ena anasunga mu mtsuko, ndipo masana dzuwa linasuzumirako pang'ono. Madzulo tag imaonetsa 7, lero m'mawa 6. Amfumu avomera kuti tikumane Loweruka pa nkhani ya mafoni. Chikundidetsabe nkhawa ndi chakuti usiku kompuresa imazima nthawi yaitali, ndiye mwina mabatirewo atopa ndithu. Ndipo friza yake sikuumitsa ma pack.

Bambo Mbewe (Jali): Lembani lipoti lero, muikemo manambala a masiku onse a alamu ndi zimene mwapeza, lipite kwa a cold chain, oyang'anira mafiliji a katemera ku boma, kudzera kwa in-charge wanu. Mupemphe adzayeze mabatire, komanso mutchule kuti malo ngati amenewo akuyenera filiji ya SDD, yopanda batire. Imeneyo masana imaumitsa madzi a m'makoma ake, n'kumasunga kuzizira masiku angapo a mitambo, ndipo palibe poti munthu alumikize foni. Pakadali pano oda yanu ikhale yochepa, yokwanira masikelo a pafupi, mpaka mabatire ayezedwe.

Nangozo (Chisi): Kuchepetsa oda ndikumva, koma kuwoloka kulikonse ndi ndalama ya boti kupita ndi kubwera, kuphatikiza njinga yamoto kumtunda. Ndikambirana ndi in-charge kuti katemera azibwera ulendo umodzi ndi mankhwala ena.

Yusufu (Kachulu): Za ma pack a Lachinayi musadandaule. Ndiumitsa asanu ndi atatu kuno, ndiwaika mu cold box yathu, ndipereka kwa mwini boti loyamba Lachitatu m'mawa. Mukhale padooko la uko kuti asakhalitse padzuwa, ndipo cold box-yo musaitsegule mpaka nthawi yolongedza. Netiweki ikavuta, ndikuimbirani cha m'ma 5 boti lisananyamuke, mukaime pamwala paja pamagwira foni.