Lamba wa makina a CNC wadyeka, ndimate kapena ndigule wina?

Mwini funso, Kasungu: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kamakina ka CNC (koyendetsedwa ndi kompyuta) kogobera matabwa, ndinakagula kakale kwa m'bale wina wochokera ku Joni. Ndimagoba zikwangwani za mayina ndi mawotchi apakhoma, makamaka pa paini ndi mlombwa. Kamayendera malamba a mano a mtundu wa GT2 a mamilimita 6 m'lifupi, awiri ku Y (kutsogolo ndi kumbuyo), mmodzi ku X (kumanzere ndi kumanja). Masiku ano ndikagoba chozungulira chikutuluka ngati dzira, ndipo biti (kachitsulo kogobera) ikabwerera pomwe inayambira sikukumana ndi mzere wake. Lamba wakumanzere wayamba kutuluka tiulusi m'mphepete, mano enanso adyeka chapakati. Ndazungulira m'mahadiweya a pa boma pano osamupeza. Kodi ndingadule powonongekapo n'kulumikiza ndi guluu? Ndili ndi chikwangwani cha ukwati chofunika Loweruka, ndipo eni ake analipira kale.

Wokonza makina osindikizira, Lilongwe: Achimwene, musanakhudze lamba yang'anani pulley ya pa mota (kagudumu ka mano koyendetsa lamba). Imagwidwa ndi timabawuti tiwiri tating'ono, kamodzi kayenera kukhala pomwe shafiti inaphwanthidwa. Tikamasuka, mota imazungulira pulley ikutsalira, ntchito n'kupotoka chimodzimodzi. Lembani mzere ndi maka kudutsa shafiti ndi pulley, yendetsani makina uku ndi uku, muone ngati mzerewo wasiyana. Ukasiyana, mangani ndi Allen key.

Mmisiri wa matabwa, Mchinji: Za guluu ziiwaleni, bambo. Mphamvu ya lamba ameneyu siili mu labala ayi, ili m'tizingwe ta m'kati mwake. Mukadula mwadula tizingweto, ndipo guluu sangatilumikize. Komanso mano a GT2 amatalikirana mamilimita 2 ndendende, ndiye polumikiza pakangophonya pang'ono pulley imakwera pamwamba pa dzino n'kudumpha, thabwa la mlombwa n'kutayika.

Chomwe chandigwira mtima ndi tiulusi ta m'mphepeteto. Lamba sadyeka mbali imodzi popanda chifukwa. Akukhula mkombero wa pulley, mwina chifukwa pulley sili pamzere umodzi ndi timawilo topanikiza lamba, kapena chogwirira cha kumapeto chinamangidwa chopendekeka. Mukapanda kukonza pamenepo, watsopanoyonso adyeka momwemo.

Za Lowerukazo, onani pomwe pali mano odyekawo ndipo thabwa mulimange mbali yomwe pulley sifikako. Chikwangwani chikakhala chachifupi mutha kumaliza, bola muzidula mosazama komanso mwapang'onopang'ono.

Mnyamata wa zamakompyuta, Mzuzu: Ngati makina anu ali pa GRBL (pulogalamu yoyendetsa makina), lembani $$ muone manambala. $100 ndi nambala ya masitepe a mota pa milimita imodzi ku X, $101 ndi ya Y. Mota ya masitepe 200 yokhala pa microstepping ya 8 (sitepe iliyonse kugawidwa pa 8) imapereka 1600 pa kuzungulira kumodzi, pulley ya mano 20 imayenda mamilimita 40, ndiye nambala yake ndi 40. Lamulani makina ayende mamilimita 300, yezani zomwe ayendadi, kenako chulukitsani nambala yakale ndi 300 n'kugawa ndi zomwe mwayezazo. Dzira lija litha.

Mmisiri wa matabwa, Mchinji: Masamu anu ndi olondola, achimwene, koma amathandiza lamba akakhala wamoyo. Tizingwe tikaduka m'kati, lamba amatamuka malo amodzi okha. Mukonza nambala kuti kutsogolo kukhale bwino, kumbuyo kulakwika. A ku Kasungu, yambani mwayeza mamilimita 100 kutsogolo kwa tebulo, pakati, ndi kumbuyo. Zikasiyana, $101 musayikhudze.

Mwini funso, Kasungu: Zikomo nonse. Mzere wa maka sunasunthe, pulley ili bwino. Koma poyeza, kutsogolo ndi kumbuyo kwatuluka 100, pakati papitirira pafupifupi milimita imodzi, mbali yakumanzere yokha. Ndamasula lamba uja n'kumupinda pamalopo, akungopindika lobodo, kusiyana ndi kwina konse. M'mano mwakenso munali utuchi wouma gwa, wochita kutokosa ndi msomali. Mnzanga wokonza mafotokope ali ndi lamba wooneka chimodzimodzi, kodi angagwire?

Wokonza makina osindikizira, Lilongwe: Samalani naye. M'makina ambiri a mu ofesi mumakhala lamba wa MXL, mano ake amatalikirana mamilimita 2.032 ndipo ndi amakona, pomwe a GT2 ndi ozungulira. Ndi maso simungasiyanitse msanga, koma pa pulley sakhazikika. Funsani kwa ogulitsa zida za 3D printer, makina amenewo ambiri amagwiritsa GT2 wa mamilimita 6 yemweyo, wogulitsidwa pa mita. Sankhani wa tizingwe ta fiberglass. Wa tiwaya tachitsulo amaoneka wolimba, koma akamapindika pa pulley yaing'ono tiwayato timatopa n'kuthothoka m'kati.

Mayi wogoba zikwangwani, Kasungu: Bambo, gulani wokwanira mbali zonse ziwiri za Y, musasinthe mmodzi yekha. Watsopano ndi wakale sakoka mofanana, mtanda wonyamula rauta (chozungulitsa biti) umayenda chopingasa, makona osatuluka sikweya. Kumapeto mupinde lamba mano alumane okhaokha, mumange ndi cable tie kuti asapulumuke. Pokoka musapyole muyeso, mungaononge mabering'i a mota: mukamukhwatsula ndi chala alire pang'ono, ndipo onse awiri alire mofanana. Mukatero zimitsani makina, kankhani mtandawo pang'onopang'ono mpaka kumapeto muone ngati mbali zonse zikugunda nthawi imodzi. Utuchiwo muzichotsa ndi mswachi wakale mukaweruka, mafuta musapake. Ine ndili ndi chidutswa cha GT2 cha mamilimita 6 chomwe chinatsala posintha anga. Yezani utali wa lamba wanu kuphatikiza popinda ponse pawiri, mulembe pano, ngati chikukwana mudzatenge mawa m'mawa mumalizire cha ukwaticho.