Thandizeni: galamafoni ya malemu bambo ikumveka chapansipansi

Abale anga, ndigawireniko nzeru. Ndatulutsa galamafoni ya malemu bambo anga yomwe yakhala m'kabati zaka zambiri. Lamba wake ndinamupeza atasungunuka, akumata zala ngati phula, ndiye ndagula wina. Pano mbale ikuzungulira bwinobwino, pa liwiro la 33 ndi la 45 lomwe.

Vuto lili pa mawu. Ndikalumikiza mawaya ake awiri aja, wofiira ndi woyera, polowetsa polembedwa AUX pa ampulifaya yatsopano, nyimbo ikumveka chapansipansi, besi palibiretu, ngakhale nditakweza voliyumu mpaka kumapeto. Kumbuyo kwa ampulifayayi kulibe polowetsa polembedwa PHONO. Kodi ndiye kuti ndikufunika phono preamp, kachipangizo kokweza mawu a galamafoni asanalowe mu ampulifaya? Katiriji yake, kamutu komwe kamagwira singano, ndi ya mtundu wa MM (moving magnet).

Palinso kawaya kena kowonda, kokhala ndi kachitsulo konga foloko kunsonga. Ndikakagunditsa ku chitsulo cha ampulifaya, kung'ung'udza kumachepa. Ndikamangirire pati?

Koma chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi singano. Ndingadziwe bwanji kuti yatha? Mbalezi bambo ankazigwira m'mphepete mokha, sindikufuna kuti zikandike m'manja mwanga.