MGB ya 1972: klatchi ikumasukira pansi penipeni, ndisinthe master cylinder?

Wofunsa:
Akuluakulu pagulu pano, ndigawireni nzeru. Galimoto ndi MGB roadster ya 1972, chiwongolero kumanja. Chopondera klatchi ndi cholimba, komanso chimayamba chayenda chabe chisanagwire kanthu, ndiye klatchi imamasukira pa kapeti penipeni. Livesi ikukukuta polowa. Ndikuganiza zochotsa master cylinder (kapampu kamene chopondera klatchi chimakankha) ya 3/4 inchi n'kuikapo ya 5/8 kuti chifewe, kenako ndidule chopondera buleki ndichiwotcherere pafupi ndi chopondera moto. Zingatheke?

Yankho loyamba:
Achimwene, ya 5/8 ija muyiiwale kaye. Chopondera chifewadi, pafupifupi ndi 30 peresenti, koma mafuta amene ikukankha achepanso ndi 30 peresenti yomweyo. Kandodo ka slave cylinder (silinda ya pa giyabokosi imene imalandira mafutawo n'kumasula klatchi) kamayenera kuyenda mamilimita 13 kapena kuposerako pang'ono. Mukaika yaing'onoyo, 13 uja asanduka 9, ndipo panopa n'kutheka simukufikanso pa 13. Livesi yomwe ikukukutayo idzakaniratu. Imayamba kudandaula ndi livesi chifukwa ilibe synchromesh (kachipangizo kofananitsa liwiro la magiya kuti alowe osakukuta), pomwe magiya anayi akutsogolo pa galimoto ya chaka chimenecho ali nayo.

Yambani mwayeza. Wina aponde klatchi, inu muli pansi ndi rula pa kandodoko.

Mukapeza kuti sikakukwanitsa, tsegulani chivundikiro cha pedal box (bokosi lomwe zopondera zimamangidwamo), chili mu boneti kutsogolo kwa dalaivala. Pamwamba pa chopondera pali kapini, clevis pin ya 5/16 inchi, kolumikiza ndi kandodo ka master. Kapiniko kamadyeka n'kukhala ndi mzera ngati kadulidwa ndi tupa, ndipo bowo la pachopondera limaleka kukhala lozungulira, limasanduka ngati dzira. Mamilimita awiri otayika pamenepo amachuluka kangapo pofika kuphazi. Kapini gulani katsopano. Bowolo litsekedwe ndi wowotcherera, lipalidwe, libooledwenso pamalo pake enieni, osalisuntha. Mukalisendezera pafupi ndi bawuti yomwe chopondera chimazungulirapo, mwabwerera ku vuto la 5/8 lija: chofewa koma chosakankha mokwanira. Bushi ya pa bawutiyo musinthiretu, mupake girizi. Kapini kena kali pansi, pa foloko ya klatchi, nako kamadyeka chimodzimodzi.

Yankho lachiwiri:
Anena zoona akuluwa, koma kulimbako sikuchokera ku mapini. Onani kapayipi ka labala kopita ku slave. Kakakalamba kamatupa mkati pomwe kunja kakuoneka bwinobwino, ndiye mafuta amadutsa movutika, ndipo chopondera chimabwerera mwaulesi. N'kotchipa, ingosinthani.

China chomwe chimalilitsa anthu: slave yatsopano nthawi zambiri imabwera nipo yotulutsira mpweya itamangidwa pa bowo lolakwika. Nipo ikhale pa bowo lapamwamba, payipi pa linalo. Kupanda apo mudzapopa mpaka dzuwa kulowa mpweya uli momwemo.

Wofunsa:
Zikomo mabwana. Ndayeza, kakuyenda mamilimita 8 okha, ndipo bowo lija ndi dziradi. Nanga za buleki?

Yankho lachitatu:
Pa buleki pokhapo ayi, bambo. Mkono wa chopondera buleki musaudule, musauwotche kuti muupinde. Pa ngozi munthu amaponda ndi mphamvu zake zonse, ndipo powotcherera pakakhala kamng'alu mudzakadziwa tsiku lomwelo. Ngati mukufuna phazi lizifika zopondera ziwirizo mosavuta, kulitsani chopondera moto: kachitsulo kapulati, mabawuti awiri odutsa, manati a nyloc (a nayiloni mkati, osamasuka okha). Mukatha, pondani buleki mpaka pansi muone kuti nsapato siikukhudza moto.

Pobwezera chivundikiro samalani. Ngati yanu ili ndi switchi ya nyali za mabuleki pachivundikiropo (zina zakale zili ndi ya pa payipi ya mafuta), musayimange kwambiri. Chopondera buleki chizikhala ndi mamilimita atatu oyenda chabe. Akasowa, pisitoni ya master ya buleki siibwerera yonse, imatseka kabowo kobwezera mafuta, ndipo mukayenda pang'ono mabuleki amatentha n'kudzigwira okha.

Yankho loyamba, kuwonjezera:
Mafuta a klatchi ndi mabuleki ndi a mtundu wa DOT 4. Musasakanize ndi DOT 5 ya silikoni, ndipo yalani sanza pansi pa ma master chifukwa DOT 4 imadya penti. Manati a mapayipi ndi a UNF, a mazinga a muyezo wa inchi. A metric amaoneka ngati akulowa koma amawononga mazinga.

Mukakonza zonsezi kandodo n'kufika pa 13 koma livesi ikukukutabe, vuto lili mkati. Release bearing ya MGB (beringi imene foloko imakankha pomasula klatchi) ndi ya kaboni, imatha msanga kwa amene amagoneka phazi pa klatchi pa maloboti. Imeneyo kuti muyifike, injini iyenera kutuluka.