Kodi tigulitse ng'ombe kuti atate akachitidwe opaleshoni ya loboti ku South Africa?

Abale a pa gulu lino, ndikupempha nzeru kwa amene amagwira ntchito zachipatala komanso kwa amene vutoli linawaonekerapo. Ine ndimakhala ku Chipata, ndipo atate anga, omwe ndi mlimi wa zaka 58 kumudzi cha ku Chadiza, akhala akudandaula kupweteka kwa m'mbali mwa msana chakumanzere kwa chaka chathunthu. Atajambulidwa ku Lusaka, zinapezeka kuti impso ya kumanzere yatupa chifukwa kanjira kotsitsa mkodzo kuchokera ku impso kupita m'chikhodzodzo kachepa kumunsi kwake, pafupi ndi pamene kamalowera m'chikhodzodzomo. Adokotala akukhulupirira kuti gwero lake ndi likodzo. Atate akukumbukira kuti ali mnyamata, akuweta ng'ombe ndi kusamba m'madamu, ankakodza magazi, ndipo akuluakulu ankati chimenecho n'chizindikiro cha kukula.

Anapatsidwa praziquantel, koma anatiuza kuti mankhwalawo amapha tizilombo tokha, sachotsa chipsera chimene chatseka njirayo. Anawaika kapaipi kam'kati kotchedwa stent kuti mkodzo uzidutsa, ndipo akuti pafunika opaleshoni yong'amba pamimba. Msuweni wanga amene ali ku Johannesburg akulimbikira kuti kumeneko amachita ndi loboti ndipo munthu sang'ambidwa. Atate atamva anangoseka, nafunsa ngati ndi maloboti omwe aja a pamsewu. Amalume, kumbali yawo, ayamba kale kunena zogulitsa ng'ombe, pamene ziwiri mwa izo ndi zolimira. Kodi kusiyana kwake n'kwakukulu motani kuti tichotse khola lonse?

Yankho la mayi wina wogwira ntchito m'chipinda cha opaleshoni:

Mwachita bwino kufunsa musanagulitse kanthu, mayi. Loboti sichita opaleshoni payokha. Makina odziwika kwambiri ndi a da Vinci, amene analoledwa ku America mu 2000, ndipo dokotala amakhala pampando m'chipinda chomwecho, akuyang'ana m'kati mwa mimba pa kamera, kwinaku akuyendetsa ndi zala zake tizipangizo tolowa pa timabowo tinayi kapena tisanu ta pafupifupi sentimita imodzi. Ubwino wake ndi woona: magazi otayika amachepa, bala limapola msanga, ndipo wodwala sakhalitsa m'chipatala. Komabe ntchito yochitika m'katimo ndi imodzimodzi. Kanjira kameneka, kamene m'Chingelezi amati ureter, n'kotalika masentimita 25 mpaka 30, ndipo kakachepa kumunsi monga mwafotokozera, dokotala amadula mbali yowonongekayo n'kusokerera yotsalayo m'chikhodzodzo. Ngati sikakufika, amakokera chikhodzodzo m'mwamba kapena kudulako kachigamba ka chikhodzodzo n'kukapinda ngati paipi. Madokotala akhala akuchita zimenezi ndi manja kwa zaka zambiri makinawa asanabwere, ndipo zimayenda bwino.

Ndikanakhala inu, ndikanafunsa adokotala kutalika kwa malo ochepawo m'masentimita, komanso ngati impsoyo ikugwirabe ntchito mokwanira, pakuti kukonza njira ya impso imene inafota kale n'kutaya ndalama. Kupima m'magazi creatinine, chonyansa chimene impso zimayenera kuchotsa m'thupi, pakokha sikuyankha funso limeneli, chifukwa impso inayo imatha kubisa kufooka kwa inzake. Ndifunsenso: stent imeneyo anaiika liti?

Yankho la bambo wina wa ku Petauke:

Ine ndinachitidwa opaleshoni yoteroyo ndi loboti ku India, koma vuto langa linali losiyana ndi la atate anu, chifukwa kwa ine kanjira kanachepa kumtunda pambuyo pa mwala wa mu impso, ndipo malo ake anali aatali moti anatenga kachikopa ka m'kati mwa tsaya langa n'kukaika ngati chigamba. Masiku oyamba m'kamwa ndi mmene munkandivutitsa kuposa pamimba, ndipo ndinkangodya phala lozizira. Sindikudandaula kuti ndinapita. Chimene sindinawerengere ndi ndalama za ndege za anthu awiri, malo ogona, ndiponso kuti stent yatsopano imene amasiya pambuyo pa opaleshoni iyenera kuchotsedwa patatha milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, ndiye mumasankha kudikira komweko kapena kupeza dokotala kuno wovomera kupitiriza ntchito imene sanaiyambe. Mufunsenso ku NHIMA, bungwe la boma la inshuwalansi ya zaumoyo ku Zambia kuno, zimene angalipire ngati opaleshoni itachitikira m'dziko muno.

Yankho la membala wina:

Popeza mwatchula likodzo la zaka zambiri, mupemphe kuti ayang'anenso m'chikhodzodzo ndi kamera. Matendawa amatha kuumitsa chikhodzodzo, ndipo amagwirizananso ndi khansa ya chikhodzodzo, choncho dokotala aliyense, kaya wa loboti kaya wa manja, ayenera kudziwa mmene mulili m'menemo asanasokererepo kanthu.

Mayi wa m'chipinda cha opaleshoni anawonjezera:

Ndabwereranso pa nkhani ya stent chifukwa simunandiyankhe. Kawirikawiri imafunika kusinthidwa pakatha miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, malinga ndi mtundu wake, ndipo ikakhalitsa imamera timiyala, kutsekeka, n'kuyambitsa matenda oopsa. Ndaonapo mabanja akutha chaka akusonkha ndalama za ulendo, wodwala akumva bwino, pamene kapaipi kakuwonongeka m'kati. Atate akayamba kutentha thupi, kunjenjemera kapena kusanza, musadikire kuti kuche.

Wofunsa:

Zikomo nonse, makamaka inu amayi, ndipo pepani pochedwa kuyankha. Ndinatumiza mlongo wanga kukafufuza kapepala ka kuchipatala m'chikwama cha atate, ndipo tapeza kuti stent yatha miyezi isanu ndi milungu iwiri, pomwe tsiku lobwerera linadutsa ife tili pa mkangano wa ng'ombe. Ndawaimbira amalume kuti aimitse kaye ogula aja, ngakhale sanakondwe. Lachinayi tikwera basi ya m'mamawa kupita ku Lusaka, ndipo mafunso anu ndawalemba kumbuyo kwa kapepala komweko. Bambo a ku Petauke, kodi zithunzi za m'kati mwa thupi zojambulidwa ndi makina a CT munapita nazo pa CD, kapena kumeneko anakujambulaninso?