Ngongole ya kilachi ya Land Cruiser: tiwonjezere kapena ayi?

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Atcheya andituma ndiyike nkhaniyi pano tisanakumane Loweruka. Achimwene athu a Land Cruiser anatenga ngongole mwezi watha m'gulu lathu losunga ndi kubwereketsana ndalama, yogulira kilachi. Tsiku lobweza gawo loyamba ladutsa, ndalama sinabwere. Pano akupempha ziwiri: tiwawonjezere ina, komanso tiwakhululukire chindapusa chochedwa. Aliyense alankhule, koma mwaulemu.

Msungichuma: Ine ndiyambe ndi zomwe zili m'buku. Anatenga kuwirikiza katatu masheya awo, ndipo malamulo athu amathera pomwepo. Kotesheni imene anatiwonetsa inali ndi kilachi yonse, kupala flywheel (chimbale chachitsulo cha injini chimene kilachi imagwirapo) ndi ntchito ya makaniko. Ndalama tinawerenga pamaso pa anthu onse. Yatha bwanji galimoto ikadali pamiyala?

Mwini galimoto: Amayi, ine sindinadye ndalama ya gulu. Lisiti ndili nalo, katunduyo ali m'nyumba m'katoni yake. Nditafika kogula anandiwonetsa ya ceramic, heavy duty, akuti siipsa ngakhale mutatitimira m'matope. Inali yodula kwambiri moti inameza ndalama yonse. Mukudziwa komwe ndimayenda: mchenga, mitsinje, zitunda, katundu wodzaza kumbuyo. Kilachi yapitayi sinakhalitse n'komwe. Ndinati bola ndigule yolimba kamodzi ndipume.

Wosunga kiyi: Achimwene, tsiku lomwelo inenso ndinapempha ngongole, gulu linandiuza kuti ndidikire poti m'bokosi munatsala zochepa. Ndadikira mwezi wathunthu. Lero muwonjezerenso munthu yemweyo? Ayi, zimenezo sindivomera.

Adalaivala akale: Ana anga, ndiloleni ndilankhule za kilachiyo kaye, chifukwa ndalama yanu yagona pamenepo. Mphwanga, galimoto yako ili ndi injini ya 1HZ, dizilo ya malita 4.2, masilinda 6, yopanda turbo. Mphamvu yake yopotokola ili cha m'ma 285 Nm. Kilachi wamba ya organic, monga zomwe amapanga a Aisin kapena Exedy, inapangidwa kuti inyamule mphamvu imeneyo bwinobwino, galimoto itadzaza. Ya ceramic ndi ya injini zomwe aziwonjezera mphamvu, kapena zampikisano. Kutentha imapirira, zoona, sanakunamize. Chimene sanakuuze n'chakuti imagwira mwadzidzidzi. Ya organic ukamachotsa phazi pang'onopang'ono nayo imagwira pang'onopang'ono, galimoto n'kumakwawa pamiyala mosamala. Ya ceramic pakati ilibe, yaluma kapena sinalume. Ukadzuka pachitunda ndi katundu galimoto imanjenjemera, kudumpha, mwina kuzima. Kugunda kumeneko kumafika ku giyabokosi, ku propshaft mpaka ku diff, zitsulo zimene zimapititsa mphamvu ku matayala. Komanso imadya nkhope ya flywheel msanga. Pa ntchito yako yoyenda mwakachetechete m'malo oipa, wagula chinthu chokuvutitsa.

Mwini galimoto: Nanga amalume, ngati wamba ili bwino, bwanji yapitayi inapsa? Inayamba kuterereka, ndikaponda mafuta pa giya 4 injini kulira kwambiri koma galimoto osathamanga, fungo lopsa kudzaza m'kati.

Adalaivala akale: Ndikufunse ziwiri. Pansi pa bell housing, pomwe injini imakumana ndi giyabokosi, panali pouma? Ndipo ukalowa mumchenga umayika L4, magiya otsika okoka mwamphamvu aja, kapena umangopita ndi H4, magiya othamangira?

Mwini galimoto: Panali ponyowa ndi oilo wakuda, makaniko atatsitsa anandiwonetsa. Za L4, ndimayika pakavuta kwenikweni. Imachedwetsa ulendo.

Adalaivala akale: Ndiye chimene chinapha kilachi si kufooka kwake. Oilo ameneyo akuchokera pa oil seal, chotsekera oilo cha kumbuyo kwa injini pa crankshaft. Akangofika pa clutch plate, mbale ya kilachi, imayamba kuterereka, kaya ndi ya mtundu wanji. Ukamanga ya ceramic pa seal yothayo, nayonso inyowa. Chachiwiri ndi phazi lako. Mumchenga pa H4 injini imalemedwa, ndiye iwe umagwira kilachi pakati kuti isazime. Nthawi yonseyo mbale ikukhulana ndi flywheel, ikupsa. Pa L4 umachotseratu phazi, magiya a transfer, bokosi logawira mphamvu ku matayala onse anayi, n'kugwira ntchitoyo. Pita ukayang'ane flywheel yako, upezapo timawanga tabuluu ndi malo onyezimira ngati galasi. Imeneyo ikapanda kupalidwa pa makina, kilachi yatsopano igwira monjenjemera kuyambira tsiku loyamba.

Membala wachinyamata: Koma agogo, heavy duty sizikhala bwino nthawi zonse? Anthu ambiri a ma 4x4 amazitama.

Adalaivala akale: Zili ndi malo ake, mdzukulu. Ngati injini aiyika turbo, kapena matayala akulu kwambiri, kapena imakoka ngolo yolemera tsiku ndi tsiku, pamenepo pressure plate, imene imapanikiza mbale ya kilachi pa flywheel, ikakhala yofinya kwambiri imathandiza. Ngakhale apo ndingasankhe heavy duty ya mbale ya organic, yokhala ndi masipiringi pakati. Dziwaninso kuti zambiri mwa izo pedulo imalimba, mwendo umatopa, ndipo master ndi slave cylinder zakale, zimene zimakankha kilachi ukaponda pedulo, zimayamba kuwonetsa kutha kwake.

Msungichuma: Zikomo bambo, tamva. Tsono tibwerere ku ndalama. Ine ndikuona kuti gulu linavomereza chinthu china, iwo anakagula china osatifunsa. Chindapusa chikhalepo. Tikakhululuka lero, mwezi wamawa aliyense abwera ndi chifukwa chake, ndipo pogawana kumapeto kwa chaka ndi masheya a tonse amene achepe.

Mayi wina: Inetu ndikuwamvera chisoni. Galimoto ija ndi imene imawadyetsa, ikakhala pamiyala abweza ndi chiyani? Bwanji tiwapatse pang'ono kuchokera m'thumba la mavuto, angomangitsa, ayambe kuyenda?

Wosunga kiyi: Thumba la mavuto ndi la matenda ndi maliro, amayi. Mwana wa wina akadwala usiku tidzati ndalama ili mu kilachi?

Mwini galimoto: Thumba limenelo inenso sindikulifuna. Koma chindapusa chikundiwawa. Chilowereni gulu lino sindinaphonyepo msonkhano, masheya ndimagula sabata iliyonse. Kuchedwa kamodzi komweka?

Msungichuma: Pa masheya sindikutsutsani, buku likuchitira umboni. Koma lamulo la chindapusa munakweza nawo dzanja tikulikhazikitsa.

Atcheya: Ndamva mbali zonse. Kuwonjezera ngongole sikutheka, malire anakwana ndipo pali mnzathu akudikira. Thumba la mavuto sitikhudza. Achimwene, katoni ija mwati simunamange, ndiye kabwezeni, mutenge ya organic. Ndalama yotsalayo ilipire kupala flywheel ndi makaniko, monga inanenera kotesheni, komanso seal. Chindapusa mulipira, koma ndipempha gulu Loweruka kuti mudzachipereke pamodzi ndi gawo lachiwiri, galimoto itayamba kuyenda. Tidzavota.

Mwini galimoto: Nanga akakana kundibwezera ndalama, atcheya? Ambiri amati katundu akatuluka watuluka.

Adalaivala akale: Tipita limodzi, mphwanga. Akakana ndalama tipempha kusinthitsa, pa ndalama yotsalayo atipatse seal ndi bearing. Utenge lisiti, nambala ya chassis ndi clutch plate yakale ija. Ma Land Cruiser ena mbale yake ndi 275 mm, ena 300 mm, ndipo mano a pakati ayenera kulowa ndendende pa shaft ya giyabokosi yako, choncho tikayerekeza pomwepo tisanachoke. M'katoni mukhale clutch plate, pressure plate ndi release bearing, ndipo pilot bearing tisaiwale. Giyabokosi ndi transfer n'zolemera, sitikufuna kuzitsitsanso chifukwa cha ka bearing kamodzi. Akamanga, makilomita mazana angapo oyamba uyende mofatsa, usadzaze katundu.

Wosunga kiyi: Ngati zili choncho ine ndavomera. Koma ndalama ikangolowa m'bokosi, woyamba kutenga ndine. Alembi, lembani.

Mlembi: Ndalemba. Achimwene, Loweruka mubwere ndi lisiti latsopano ndi kotesheni yakale ija, tiziyike pamodzi m'buku.